Ndowa Zisanu za a Mphuno

A Mphuno sankalandira moni wa padzanja asanalinunkhize dzanjalo. Kaya ndiwe mwana wa kalasi yoyamba, mamina ali chuchuchu, kaya ndiwe bwana wotsika m'galimoto nsapato zili phuliphuli, ukangolitambasula, gwi! aligwira, alitembenuza ngati akusankha nsomba pamsika, kenako mphuno ija n'kutsikira pachikhatho. Ankanunkhiza kawiri, atatsinzina. Chigamulo chinkatuluka pomwepo, ndipo chinalibe apilo. Mwina "Lowa," mwina "Bwerera ukasambe."

Dzina lawo lenileni linalipo, koma linkangogona m'faelo. Ahedi a pasukulupo, amene anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi, tsiku la maliro anachita kukalifufuza m'kabati kuti asachite manyazi polankhula. Atalitchula, anthu anayang'anana, kuganiza kuti mwina ahedi asokera maliro.

Ahediwo ndiye nkhaniyi inawakhala pakhosi. Munthu wotopa, abale. Sikutopa kwa dzulo kapena dzana ayi, koma kutopa koti ngakhale atagona mwezi wathunthu angadzuke akuyasamula. Ana chikwi ndi mazana awiri, aphunzitsi khumi ndi anayi, zimbudzi zisanu ndi chimodzi, mawondo awiri ndipo onse olira. Inali itatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito, ndipo pemphero lawo linali limodzi lokha: asawayambe munthu.

Patatha masabata atatu a Mphuno ataikidwa m'manda, ahedi anali mu ofesi akuyang'anizana ndi fomu ya ndondomeko ya ukhondo, ija imabwera chaka ndi chaka kuchokera ku likulu. Funso lachisanu ndi chiwiri linkafuna dzina la woyang'anira kusamba m'manja pasukulu. Zaka zonsezi ahedi ankangolembapo dzina la mphunzitsi aliyense amene wajomba kumsonkhano tsiku limenelo, chifukwa a Mphuno sakanalembedwa. Anali osesa chabe, pomwe fomu inkafuna munthu wa satifiketi. Ntchito inkayenda, fomu inkapita, aliyense ankagona tulo. Tsopano ndowa zisanu za a Mphuno zinali zitasanjikizana kuseri kwa chitseko cha ofesi, zouma gwa, ndipo mndandanda wa ana ojomba chifukwa cha m'mimba unkatalika Lolemba lililonse. Mvula inali pafupi. Ahedi ankadziwa bwino chimene mvula imabweretsa pasukulu yopanda posamba m'manja. A Mphuno asanabwere, iwo anaperekezapo timabokosi tiwiri ta ana kumanda m'teremu imodzi, ndipo sankafuna kudzaperekeza kachitatu. Koma madziwo atunge ndani? Ndi mawondo ati?

Paja a Mphuno anawalemba ntchito yosesa basi. Makalasi, khonde, ofesi, kwatha. Sabata yoyamba anasesadi. Sabata yachiwiri anaima pafupi ndi zimbudzi, tsache lili m'khwapa, kuonerera ana akutuluka m'menemo n'kuthamangira kukagawana mango. Lachisanu analowa mu ofesi osagogoda.

"Ahedi, ana anuwa amadya ndi manja omwewo?"

"Ati, mayi?"

"Omwe achoka nawo uko."

"Nanga ali ndi ena?"

"Ndipatseni ndowa."

"Sukulu ilibe ndowa, mayi."

"Ili ndi chiyani?"

Ahedi anamwazamwaza maso mu ofesimo, nawonso kufuna kudziwa. "Ili ndi ndondomeko," anatero, n'kuwapatsa buku la masamba makumi anayi, pachikuto pali mwana womwetulira, thovu lili m'manja.

A Mphuno analitembenuza, analinunkhiza kawiri, n'kulibweza patebulo. "Nalonso silinasambe," anatero, n'kutuluka.

Lolemba anabwera ndi ndowa yawo ya kunyumba, ataiboola m'munsi n'kuikapo kampopi. Chaka chisanathe ndowa zinakwana zisanu. Ina anapempha kwa wagolosale, ina analanda kwa mphunzitsi wa masamu amene ankasungiramo makala, ziwiri zinazo musafunse, chifukwa ngakhale ahedi anasankha kusafunsa. Zinayi anaziika panjerwa m'makomo a makalasi, yachisanu pafupi ndi zimbudzi. Madzi ankatunga okha pamjigo, kuseri kwa bwalo la mpira, katatu patsiku ndowa iliyonse. Aphunzitsi a masamu anawerengera kuti ndi maulendo khumi ndi asanu, pamutu pa munthu wamkulu. Anawerengera bwino ndithu, koma sanathandizepo n'kamodzi komwe.

Ana chikwi sangawathe munthu mmodzi, choncho akuluakulu ankawagwira mwadzidzidzi ngati apolisi a pamsewu. Koma a kalasi yoyamba, ameneyo ndiye unali munda wawo. M'mawa uliwonse ndi pobwera kokapuma, a Mphuno ankaima pansanamira ya khonde, tiana tili pamzere, manja m'tsogolo. Ndipo musaganize kuti ana ndi opusa. Ena ankangodzola sopo wouma kuti fungo lokha limveke.

"Sopo wadutsa, madzi sanafike. Bwerera."

Ena ankafikisa masamba a mandimu m'manja.

"Ndati usambe, sindinati udzithire mu tiyi. Bwerera."

Kamtsikana kena, kochenjera kuposa msinkhu wake, kanabisa manja kumbuyo n'kupititsa dzanja la mnzake wosamba kudzera m'khwapa mwake. A Mphuno analigwira, analinunkhiza, n'kunena kuti, "Dzanjali lilowe. Mwini wake alitsatire. Iwe bwerera."

Ngakhale ahedi anabwezedwapo, ana onse akuona. Anali atangokonza tcheni cha njinga, n'kulakwitsa kupereka moni. Anati akwiye, koma anapeza kuti kusamba n'kosatopetsa kusiyana ndi kukangana ndi a Mphuno. Mfundo imeneyi inawasunga zaka zambiri.

Nkhondo yeniyeni inali ya sopo. Ukamusiya poyera, mbuzi zadya. A Mphuno anamuboola ndi msomali wamoto n'kumumangirira chingwe, mbuzi zinadya ndi chingwe chomwe. Anayamba kumuika m'masokosi akale n'kukhomera pakhoma, ndipo kuyambira pamenepo mphunzitsi aliyense wokhala pasukulu ankayanika masokosi ake m'nyumba. Sopoyo ankamudula ndi ulusi, wopyapyala moti ukanatha kuwerenga nyuzipepala kudzera m'menemo. Akatha, phulusa. Koma mtima wawo unali pa kabati ya mu ofesi.

"Ahedi, m'kabati mwanumo muli sopo. Katoni yathunthu."

"Wakuuzani ndani?"

A Mphuno anangodzigwira pamphuno.

"Ameneyo ndi wa alendo, mayi. Oyendera masukulu akabwera amafuna aone kuti sukulu ili ndi sopo."

"Ndiye akaona?"

"Amachonga pafomu."

"Akachonga?"

"Timabwezera m'kabati."

"Oho. Ndiye kuti matendawa amawerenga fomu, eti?"

A Mphuno atatuluka, ahedi anangosuntha kiyi wa kabati kumuchotsa pansi pa nsalu ya patebulo n'kumubisa m'kapu ya choko, n'kudziona ngati munthu wochenjera kwambiri.

Kenako kunabwera bungwe lina lachifundo, anthu abwino ndithu, ovala zipewa zofanana. Anamanga posambira m'manja pamakono pakati penipeni pa sukulu: mipopi khumi ndi iwiri, matailosi oyera, thanki pamwamba pa miyendo yachitsulo, pampu yoyendera dzuwa, ndi chikwangwani chamwala cholembedwa dzina la mlendo amene anadula riboni. Ana anaimba, makolo anaomba m'manja, ahedi anavala jekete. A Mphuno anachizungulira kamodzi, manja kumbuyo.

"Chiliza chabwino," anatero.

"Mayi, chonde, alendo akumva."

"Nanga si chiliza? Matailosi alipo, dzina lilipo, deti lilipo. Changotsala n'kufa."

Chinafadi tsiku lachisanu ndi chinayi. Kachitsulo kena ka m'pampu kanapsa, ndipo akuti kamapezeka kunja kokha. Ahedi analemba kalata, anayankhidwa ndi fomu. Anadzaza fomu, anayankhidwa ndi kalata ina, yonena kuti popeza sukulu tsopano ili ndi posambira m'manja povomerezeka, zipangizo zachikale monga ndowa zichotsedwe chifukwa zikunyozetsa malo. Anawawerengera a Mphuno kalatayo mokweza, kawiri. A Mphuno anamvetsera mwaulemu, anathokoza, n'kusenza ndowa ulendo wa kumjigo. Dzina loti Chiliza linakhala lomwelo, moti ana obwera m'mbuyo ankaganiza kuti pansi pake panagonadi munthu.

Patatha zaka zitatu kunamveka kuti kukubwera bwana woyendera masukulu, ndi wojambula zithunzi yemwe. Apa ndiye ahedi anachita chinthu chimene mpaka lero akachikumbuka amadzigwira kumaso. Lachitatu masana, alendo akubwera mawa lake, anaimitsa maphunziro, anabwereka makwerero, ana akuluakulu n'kudzaza thanki ya Chiliza ndi zigubu, kupatsirana mpaka pamwamba. Analamula kuti munthu asakhudze mpopi mpaka alendo afike, kuopa kuti madzi angathe. Ndowa zisanu zija anazitsekera m'chipinda cha katundu. Anawapatsanso a Mphuno tchuthi cha tsiku limodzi, choyamba m'moyo wawo.

Ndiye taganizani: tsiku loyendera ukhondo, mwana ngakhale mmodzi sanasambe m'manja pasukulu ponse. Ahedi anaziona zimenezi n'kudziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha.

Galimoto itaima, munthu woyamba kufika pachitseko chake anali a Mphuno, atatchena diresi ya maluwa, tchuthi atachisiya kunyumba. Bwana uja, munthu wansangala, anatambasula dzanja. Ahedi anatseka maso.

"Mwadya nsomba yokazinga m'galimotomu," anamveka mawu a a Mphuno. "Bwererani mukasambe, bwana."

Bwana anaseka chikhakhali, n'kunena kuti zimenezi ndiye zofunika, wojambula akonzeke, iye aonetsa chitsanzo. Anapinda malaya ake oyera n'kupita pa Chiliza, sukulu yonse ili pambuyo. Mpopi woyamba unangopuma ngati munthu wokwera phiri. Wachiwiri unatsokomola. Wachitatu unatulutsa mavu awiri okwiya, amene anali atakhalamo mwamtendere zaka zitatu. Wachinayi bwana anaupotokola mwamphamvu, mutu wake n'kutsalira m'manja, ndipo madzi a dzimbiri anatumphuka kuchokera pamenepo mpaka pa tayi.

Ahedi, pofuna kupulumutsa zotsala, anathamangira mu ofesi n'kubwera ndi katoni ya sopo wa alendo. "Sopo ndiye tili naye wambiri, bwana," anatero, akung'amba pepala la sopo woyamba. M'katimo munali chidutswa cha njerwa, chosemedwa bwinobwino, makona onse anayi. Anatsegula wachiwiri, njerwa. Wachitatu, njerwa. Katoni yonse inali yoti n'kumangira khola la nkhuku. Anatembenuka kuyang'ana a Mphuno. A Mphuno ankayang'ana mitambo.

Tsono wosesa amakhala ndi kiyi wa chipinda chilichonse, chinthu chimene ahedi anachiiwala. Posakhalitsa ndowa inali panjerwa, yodzaza, sokosi lili pambali. Bwana anasamba, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, a Mphuno ataima pamutu pake. Anamununkhiza kawiri.

"Lowani."

Mu ofesi bwana anatulutsa fomu, malaya ali mawangamawanga. Kodi sukulu ili ndi posambira m'manja pomangidwa? Anachonga. Mipopi ingati? Khumi ndi iwiri. Sopo anaonedwa? Anaganiza pang'ono, anakumbukira sokosi, n'kuchonga. Ahedi anafunsa mwamantha ngati pali polemba za ndowa, kapena za madzi.

"Palibe bokosi lake," anatero bwana, naye motopa. "Ine ndimangochonga zomwe afunsa, akulu."

Sukulu inapatsidwa satifiketi ya ukhondo, chithunzi cha Chiliza chili pakati. Koma madzulo a tsiku limenelo ahedi anawakalipira a Mphuno, koyamba ndi komaliza. Anati awachititsa manyazi pamaso pa bwana, anati ndi akuba sopo, anati akumbukire kuti analembedwa ntchito ya tsache. Mawu omalizawa anawawawa eni ake akutuluka kumene m'kamwa.

A Mphuno anadikira mpaka amalize. "Manyazi sagoneka mwana m'chipatala, ahedi," anatero. "Mawa musatseke ndowa zanga." M'mawa mwake anali pansanamira paja ngati palibe chachitika, ndipo ahedi sanapepese. Ankati apepesa Lolemba, koma Lolemba lililonse linkabwera ndi zake.

Chinsinsi chawo ahedi anachitulukira chaka chatha, mwangozi. M'chipinda cha katundu munafera khoswe kuseri kwa mabuku, nyengo yotentha. Fungo lake linkakulandira uli pakhonde. Ahedi analowa atatseka mphuno ndi mpango, misozi ili m'maso, n'kupeza a Mphuno atakhala phee pampando wothyoka, akusoka sokosi la sopo, akung'ung'udza nyimbo.

"Mayi! Mukukhala bwanji muno?"

"Bwanji? Muli mthunzi."

"Simukumva?"

"Kumva chiyani?"

Ahedi anachotsa mpango pang'onopang'ono. Anayang'ana a Mphuno, anayang'ana mphuno yotchuka ija, imene inkaopedwa ndi ana chikwi ndi mazana awiri. A Mphuno anaona kuti agwidwa. Anabaya singano pasokosi n'kuusa moyo.

"Tsekani chitseko," anatero.

"Ndikatseka ndifa, mayi. Tiyeni panja."

Anakakhala kuseri kwa chipindacho, pamene ana sadutsa. A Mphuno anaulula kuti mphuno inafa kalekale, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndi chimfine china chachikulu. Kuyambira pamenepo sopo, mandimu, chimbudzi, zonse zinali chimodzimodzi kwa iwo.

"Nanga mumadziwa bwanji?"

"Ndimagwira, ahedi. Dzanja losamba limazizira, ndipo pakati pa zala pamatsala ponyowa. Losasamba limakhala lofunda, lonata. Likatentha kwambiri ndiye kuti mwana wadwala, ndimakauza aphunzitsi ake. Likamanjenjemera, sanadye. Akamalibisa, kunyumba kwavuta."

"Nsomba ya bwana ija?"

"Mafuta anali m'zala, minga ili pampando."

"Sopo wa m'kabati?"

"Ndimasesa mu ofesi mwanu, bambo. Maso ndili nawo. Ndipo kiyi musamaike m'kapu ya choko, amachita fumbi."

Ahedi anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene anali atakuiwala. Kenako anafunsa chifukwa chimene ankavutikirabe kununkhiza, poti kugwira kokha kunkakwanira.

"Mwana ukangomugwira dzanja n'kumaliyang'ana, amaona ngati walakwa, mawa amakuzemba," anatero a Mphuno. "Ukamununkhiza amaseka, mawa amabwera yekha. Ena mwa tianati palibe amene amatigwira dzanja tsiku lonse, ahedi. Musauze munthu."

Sanauze munthu. Koma kuyambira tsiku limenelo, akamadutsa pakhonde m'mawa, ankachepetsa liwiro n'kumaonerera mmene zala zokalamba zija zinkayendera pa kadzanja kalikonse mphuno isanatsike.

A Mphuno anadwala masabata awiri okha. Uthenga umene anatumiza kuchokera kuchipatala sunali wa mmene akupezera ayi. Unali woti ndowa ya kuzimbudzi ikudontha pampopi, aimange ndi mphira. Ahedi anapita kukawaona Loweruka, atakonza mawu opepesa njira yonse. Anawapeza atachepa, ngati mwana pabedi lalikulu. Anatambasula dzanja osaganiza. Gwi! Mphamvu zinali zitatha, koma kagwiridwe kanali komweko. Analitembenuza, analinunkhiza kawiri.

"Mwagwira zitseko za chipatala chonse. Bwererani mukasambe."

Ahedi anapitadi. Anayenda khonde lonse kufunafuna mpopi wotuluka madzi, anasamba bwinobwino, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe. Pobwerera anapeza a Mphuno atagona tulo. Anakhala pambali pawo kanthawi, manja ozizira ali pamawondo, kenako nthawi yoona odwala inatha. Lachiwiri uthenga unafika.

Sukulu inachita zimene sukulu imadziwa kuchita. Kunakhala msonkhano. Kunasankhidwa komiti ya anthu asanu ndi awiri, wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi wachiwiri wake. Kunalembedwa ndandanda pa pepala lalikulu, mayina a aphunzitsi ndi masiku awo otungitsa madzi, mizere yojambula ndi rula. Tsiku loyamba madzi anatungidwa. Tsiku lachiwiri mphunzitsi wa tsikulo anali atapita ku maphunziro a masiku atatu a za ukhondo, ku hotela. Tsiku lachitatu aliyense ankati ndi tsiku la mnzake. Sabata isanathe mbuzi zinadya masokosi, ndipo komiti inagwirizana kuti ndowa zikasungidwe mu ofesi kuopa akuba.

Pasukulu panakhala zii, ngakhale phokoso linali lomwe lija. Panalibenso wokalipira mbuzi ndi mayina a aphunzitsi. Kanjira kodutsa pabwalo la mpira kupita kumjigo, kamene mapazi a munthu mmodzi anakapanga, kanayamba kumera udzu. Aphunzitsi akafika pafupi ndi nsanamira ija ankadziyang'anabe m'manja, kenako n'kukumbuka, n'kuwalowetsa m'thumba mwamanyazi. Ahedi anawasowa a Mphuno, anawasowa koopsa, ndipo zinkawakwiyitsa kuti munthu amene anawatopetsa zaka khumi ndi zinayi wawasiya otopa kuposa kale.

Ali chiyang'anire fomu ija, cholembera chili m'manja, akuganiza kuti kodi wajomba msonkhano ndani chaka chino, kunagogoda mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mayi wachitsikana, mawu atasasa.

"Ahedi, ine ndatopa kuwakankha. Tabwerani mudzaone nokha."

"Kukankha ndani?"

"Ana anga. Tsiku lililonse ndimachita kuwalowetsa ngati mbuzi. Lero akaniratu."

Ahedi anadzuka, mawondo analira onse awiri, n'kumutsatira. Belu linali litalira kale, makalasi ena onse atalowa. Koma pakhonde la kalasi yoyamba panali mzere wautali, wowongoka bwino, woyambira pansanamira paja. Tiana tonse tinali chete, manja m'tsogolo, zikhatho m'mwamba, kudikira pamalo popanda munthu.

"Ndawauza kuti agogo aja anamwalira," ananong'ona mphunzitsiyo. "Akuti akudziwa. Akuti ndiye abwere wina."

Ahedi anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Panalibe komiti. Anaganiza za miyezi isanu ndi itatu ija, za mpando wawo wa pakhonde kunyumba, za pemphero lawo loti asawayambe munthu. Kenako anapezeka ataima pansanamira.

Patsogolo panali kamtsikana kodula tsitsi, mano awiri akutsogolo kulibe. Ahedi anawerama, anagwira kadzanja kake n'kukatembenuza. Kanali kofunda, konata. Anatsitsa mphuno, ndipo tsoka lake, yawo inali yamoyo. Anamva mango, anamva fumbi, anamvanso zina zimene sitingatchule pano. Anatsinzina, osati mwaluso ngati a Mphuno, koma chifukwa cha ululu.

"Bwerera ukasambe," anatero.

Kamwanako kanamwetulira ngati kapatsidwa mphatso. Kanathamangira panjerwa paja, kanaima, kanayang'ana uku ndi uku, n'kutembenuka.

"Ahedi, palibe."

Ahedi anali atagwira kale dzanja lachiwiri, ndipo linali lotentha ngati mbale ya pamoto. Anayang'ana mwini wake, maso olowa, milomo youma. Anauza mphunzitsi uja kuti mwanayo amutengere kuchipatala pompano, osadikira nthawi yopuma, ndipo makolo ake auzidwe.

Anabwerera mu ofesi. Pa funso lachisanu ndi chiwiri analembapo dzina lawo lomwe, ndipo koyamba m'zaka khumi ndi zinayi fomuyo inanena zoona. Anavula jekete, anakoka ndowa yapamwamba kuseri kwa chitseko, anatsegula kabati n'kutenga sopo mmodzi wa alendo, atayamba amufinya kuti atsimikize kuti si njerwa.

Ali pakati pa bwalo la mpira anamva mapazi pambuyo. Anali aphunzitsi a masamu, atanyamula ndowa ina, nkhope ili yokwinya.

"Musandiyang'ane choncho, ahedi. Iyi ndi yanga ya makala. Ndikungoiperekeza."

Pobwerera madzi ankakhavukira m'nsapato, msana unkayaka, ndipo ahedi anapuma katatu panjira imene mayi wokalamba ankaiyenda kakhumi ndi kasanu osaima. Apo m'pamene anapepesa, chamumtima, ali wefuwefu pakati pa bwalo, mochedwa ndi zaka zingapo.

Kamtsikana kaja kanasamba, thovu mpaka m'zigongono, n'kubwera kothamanga. Ahedi anagwira kadzanjako. Kanali kozizira, pakati pa zala pali ponyowa. Ananunkhiza kawiri, mmene zimayenera kukhalira. Anayamba atsokomola kaye.

"Lowa," anatero.

Kanalowa kakudumphadumpha. Ahedi anapukuta m'maso ndi mkono, anawongola msana, n'kuyang'ana mzere. Kunali kutatsala manja oposa mazana awiri, ndipo lotsatira linali litatambasulidwa kale.